Nyumba Yopsetsa Nthochi

Ndinayamba kulakalaka nyumba yangayanga tsiku limene lole ya boma inaima pakhomo pa mphunzitsi mnzanga. Tinkaphunzitsa limodzi pa sukulu ina ya pulayimale pa Kasungu Boma, masiku a chipani chimodzi, pamene kalata yosamutsa munthu inkafika m'mawa, lole n'kufika masana. Mayiyo anali atadzala mapapaya kuseri kwa nyumba ya sukulu, atazira khonde, atamanganso mpanda wa udzu woongoka bwino. Zonsezo anazisiya. Anakwera pamwamba pa katundu wake atakumbatira nkhuku, ndipo pofika Lolemba m'nyumbamo munali mutalowa bambo wina wadazi amene anayamba kudya mapapaya aja osafunsa n'komwe kuti anadzala ndani. Ine ndinapsa mtima ngati mapapayawo anali anga. Ndinadziuza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Panthawiyo ndinali nditagwira ntchito zaka zingapo, ndisanakwatiwe, ndipo amene ankandidziwa ankati ndili ndi pakamwa. Ndinali ndi kandalama kamene ndinkasunga ku positi, kosachititsa manyazi koma kosanyaditsanso. Maganizo anga anali oti ndimange kanyumba pa Boma pomwepo, ndiikemo munthu wa lendi, ine n'kumakhalabe m'nyumba ya sukulu. Ofuna nyumba sankasowa. Mwezi uliwonse kunkafika makalaliki, anamwino, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi, matilesi ali pamutu, kufunsa kumene angagone. Lole ikadzaima pakhomo panga, ndinkafuna kudzachoka ndikudziwa kuti kumbuyo ndasiya khoma limene palibe angandilande.

Chovuta chinali poyambira. Ku koleji anatiphunzitsa kulemba molunjika pa bolodi ndi kuimbitsa ana nyimbo, koma za puloti ndi maziko sanatchuleko. Poti safunsa anadya phula, ndinayamba kufunsa aliyense amene ankaoneka ngati anagwirapo njerwa.

Ahedi athu anandibwereka buku lachingerezi lothothoka chikuto, limene ankati anasiya mzungu wina wa ku esiteti. Ndinaliwerenga ndi cholembera chofiira m'manja, ngati ndikuchonga mayeso. Bukulo linkati nyumba ya lendi izikhala pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ife ku Kasungu sitima tinkangoiona pa chithunzi. Linkanenanso za masitepe, za chipinda cha pansi pa nthaka chosungiramo malasha, ndi za munthu wa lendi wobwera ndi galu wogona pampando. Panali mutu wathunthu wofotokoza mmene nyumba ingasungire kutentha kuti kusathawire panja. Umenewo ndinauwerenga kawiri, n'kukopera mfundo zake m'kope, chifukwa ndiwo wokha umene ndinkaona kuti ndikuumva.

Kenako ndinapita ku ofesi yoona za malo. Kalaliki wa kumeneko anayamba wandifunsa khadi la chipani. Ndinamuonetsa. Analitembenuza kawiri, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amuna anu ali kuti, mayi?"

"Akadali kwa amayi awo," ndinatero. "Sanandipeze."

Sanaseke, koma kalaliki wa tebulo loyandikana naye anabisa nkhope m'failo. Wa magalasi uja anandiuza kuti ndibwere mawa, ndipo mawa lakelo linanditengera milungu ingapo ndi chidendene cha nsapato imodzi. Kumeneko ndinaphunzira kuti pepala la puloti limafuna munthu wosatopa kukhala pa benchi.

Mphunzitsi wanga weniweni ndinamupeza pa msika. Anali mayi wogulitsa zitumbuwa, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake, koma kuseri kwa msika anali ndi zipinda za lendi zimene sizinkakhala zopanda munthu. Ndinkagula zitumbuwa zoposa njala yanga kuti ndipeze poyambira kucheza naye, ndipo iye ankadziwa zimenezo, n'kumandisankhira zazing'ono.

"Aphunzitsi," anatero tsiku lina, "puloti imene anzanu akuikana ndiyo mutenge."

"Ija ya chulu chachikulu?"

"Yomweyo. Iwo akuona chiswe, ine ndikuona njerwa zounjikidwa kale. Mukumbe, muchotse make wa chiswe, dothilo muumbe pomwepo. Simulipira ngolo."

Ndinalemba m'kope. Iye anandiyang'ana ndikulemba, akukupiza ntchentche ndi kansalu.

"Lembaninso ichi. Mmisiri musatenge wachibale. Tengani munthu woti mungamukalipire."

Zonse ziwiri ndinalemba, koma ndinatsata choyamba chokha.

Bambo anga anali mmisiri. Kuchokera kwathu ku Lukwa mpaka ku Wimbe panalibe esiteti ya fodya imene sanaikepo dzanja. Ankamanga mabalani, nyumba zazitali za njerwa zija zoumitsiramo fodya ndi moto. Balani yabwino imakhala yaitali, yopanda zenera, ya khomo limodzi lothina, ndipo ulemu wake wonse uli pa kusunga kutentha. Mpweya umalowera m'timabowo ta pansi n'kutulukira pamwamba pang'onopang'ono, kuti tsamba lililonse lipse mofanana mpaka lichite chikasu. Pa ntchito imeneyi Bambo analibe wofanana nawo. Eni maesiteti ankawatumizira galimoto. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo levulo yoyezera kuongoka ankaiika pakhoma atamaliza kale, kungoti oonerera akhutire.

Sindinawauze za puloti, koma nkhani za Boma zinkafika ku Lukwa msanga kuposa basi. Loweruka lina m'mawa ndinangoona njinga yawo yatsamira mpanda, kumbuyo atamangirira chingwe, nyundo ndi mpeni womangira. Chiyambireni ntchito yanga ankanditchula kuti aphunzitsi, theka ulemu theka kundiseka.

"Ndamva kuti aphunzitsi akufuna mmisiri," anatero atamwa madzi. "Kapena kuno ku Boma kuli wina wondiposa?"

Ndikanayankha chiyani? Ndiponso ndisaname, mtima unadumpha ndi chimwemwe. Ndinali nditapeza mmisiri wotchuka m'dera lonse, amene malipiro ake anali tiyi wa shuga wambiri. Ndinakumbukira mawu a mayi wa zitumbuwa uja, koma ndinati iye ankanena za achibale wamba.

Ndinawapatsa pulani imene ndinajambula papepala la m'kope: zipinda ziwiri, pabalaza, khonde, ndi mazenera akuluakulu amene ndinawaikiratu makatani ndi cholembera chofiira. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mumajambula bwino," anatero, n'kulipinda kuika m'thumba la malaya.

Pepalalo ndinadzalionanso patapita miyezi itatu atakulungamo misomali.

Njerwa tinaumba mu Juni, kukuzizira koluma zala. Chulu chija chinatsika mpaka kutsala kachitunda, uvuni unapsa bwino, ndipo mayi wa zitumbuwa anabwera kudzagogoda njerwa imodzi n'kuvomera kuti yalira. Pamene maziko ankayamba, ine ntchito inandichulukira. Kusukulu kunali mayeso, ndipo kunamveka kuti kukubwera alendo akuluakulu a boma, choncho masana onse amayi tinkafunika kubwalo kukayeserera magule. Ife aphunzitsi ankatiika kutsogolo. Panalibe amene akanayerekeza kunena kuti pepani, ndikukaona maziko. Kupuloti ndinkangodutsako Lamlungu potuluka ku tchalitchi, nditavala nsapato zosayenera fumbi.

Lamlungu lina ndinapeza makoma afika m'chiuno, oongoka mosiririka. Lotsatira anali atandipitirira mutu, koma sindinaone mpata wina uliwonse kupatula khomo. Bambo anali atakhala pamthunzi, poti Lamlungu sankagwira ntchito, akungosirira.

"Bambo, nanga mazenera?"

"Ali m'njira."

Lamlungu lachitatu makoma anali atatalika moti mbalame zinkapumirapo. Ndinafunsanso. Anandigwira pamkono n'kundisonyeza timabowo tinayi ta m'munsi, tolekeza m'kakolo, ndi timipata tina pamwamba penipeni, pamene pankadzakhala denga.

"Awo. Mpweya ulowera apa, utulukira apo. Zenera lalikulu ndi khomo la mbala ndi mphepo. Mwaiwala mmene Juni amalumira kuno?"

Choseketsa n'chakuti buku la mzungu lija linkagwirizana nawo. Mfundo zomwezo zinali m'kope mwanga, zolemba ndi dzanja langa. Ine amene ndinkatsutsana ndi ahedi pamaso pa aphunzitsi onse, pamaso pa Bambo ndinangoti, "Chabwino."

Malata anakhomedwa kumayambiriro kwa Okutobala. Loweruka lotsatira Bambo anabwera ndi akulu a mpingo atatu a kwathu, onse pa njinga, atavala majekete m'dzuwa limenelo. Anawazungulitsa nyumba kawiri, akuwagwiritsa ngodya iliyonse. Kunena zoona, kunja inali yokongola. Panalibe njerwa yotuluka pamzere, ndipo inkaoneka kuchokera kumsewu waukulu chifukwa cha kutalika. Bambo anaima manja ali kumbuyo.

"Ndamangira azungu, ndamangira akuluakulu," anawauza. "Koma iyi ndamangira mwana wanga."

Ndinali ndisanawaonepo akuseka mpaka mano a kumapeto kuonekera. Tsiku limenelo ndinawaona. Ndinasangalala nawo ndi mtima wonse, ndipo kamantha kamene kanali pansi pa mtima ndinakapondereza.

Wa lendi woyamba anali bambo wa zaumoyo, wochokera kuchigwa cha Shire. Ndinati Mulungu wandikonda, wanditumizira munthu woti kutentha ndi kwawo. Anakhala masiku anayi. Lachisanu anandipeza kusukulu nthawi ya buleki, kiyi ali m'manja, maso ali ofiira.

"Mayi, kwathu kumatentha, sindikana," anatero mwaulemu. "Koma kwathu kumabwera kamphepo. M'nyumba mwanu muja munthu amapsa mofanana mbali zonse."

Ndinamuuza kuti anthu ena sayamika. Iye anati zikomo, n'kupita.

Wachiwiri anali kalaliki wongokwatira kumene. Mkazi wake ndiye anatulukira luso lenileni la nyumbayo. Nthochi zaziwisi zikagona m'menemo masiku awiri zinkatuluka zakupsa, zachikasu bwino, zopanda banga. Posakhalitsa amayi oyandikana nawo anayamba kubweretsa mikoko yawo. Kandulo imene anaiimika patebulo m'mawa ankaipeza madzulo itawerama ngati ikupereka moni kwa apongozi. Anapirira milungu iwiri. Potuluka mkaziyo anandiuza mosabisa.

"Nthochi zikusangalala, aphunzitsi. Koma ife si nthochi."

Pofika nthawi imeneyo Boma yonse inali itaipatsa dzina nyumba yanga. Ankaitcha balani ya aphunzitsi. Anthu ankalozerana njira ndi dzinalo: mukafika pa balani ya aphunzitsi mukhotere kumanzere. Kenako kunabwera mlimi wina wa ku Wimbe, wooneka kuti zake zili bwino, nati akufuna lendi. Analowa, sanafunse za chimbudzi, sanafunse za madzi. Anangoyang'ana kumwamba akugwedeza mutu mokhutira, n'kufunsa ngati ndingamulole kupingasa mitengo yopachikapo fodya. Mawu amene ndinamuyankha sindingawalembe pano, chifukwa ena mwa ana amene ndinawaphunzitsa akadali moyo.

Bambo ankabwera Loweruka lililonse kudzaona nyumba yawo. Ankaizungulira, kuchotsa kaudzu apa, kugogoda khoma apo, kenako n'kukhala panja kumwa tiyi.

"Alendi aja ali kuti?" anafunsa ulendo woyamba.

"Awasamutsa, Bambo."

Linali bodza losavuta masiku amenewo. Anagwedeza mutu. Atachoka achiwiri aja anafunsanso.

"Awanso?"

"Awanso."

Anayang'ana kumanja, kumanzere, n'kutsitsa mawu. "Boma ili likusamutsa anthu kwambiri. Koma musamanene mokweza."

Ndinkaseka ndikamakamba zimenezi ndi anzanga, koma m'kati sindinkaseka. Za lendi yosabwerayo ndinali nditazolowera. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali chimodzi: tsiku lina Bambo adzadziwa kuti nyumba imene anaionetsa akulu a mpingo, yokhayo imene anamangira mwana wawo, anthu akuithawa n'kumaiseka. Munthu ameneyu analibe ng'ombe, analibe sukulu. Chimene anali nacho ndi dzina lakuti khoma lake silikhala ndi chifukwa. Sindinkaona mawu oti ndiwauzire popanda kuwalanda chimenecho.

Ndinaganiza zochita mobisa, kuti adzangopeza mazenera alipo, ine n'kunamizira lamulo latsopano la boma. Ndinaitana mmisiri wina wa pa Boma. Anafika ndi nyundo yake, anasisita khoma ndi chikhatho, anayang'ana mmene ngodya inalukidwira, n'kuika nyundo pansi.

"Khoma ili ndi la akulu aja a ku Lukwa."

"Ndi bambo anga."

"Ndiye pepani, mayi. Ine ndinaphunzira kugwira chingwe kwa iwowo. Sindingaboole khoma lawo iwo ali moyo. Akauzeni. Akandilola ndi pakamwa pawo, ndibwera mawa lomwe."

Ndinayesa wina, wa kutsidya kwa msewu. Ameneyo sanafike n'komwe pafupi. Anaizindikira nyumbayo ali patali, nati pakati pa amisiri zimenezo sizichitika, mwini khoma ndiye amayamba kuchotsa njerwa. Buku la mzungu silinanenepo za lamulo limeneli.

Ndinabwerera kwa mayi wa zitumbuwa ndi nkhope yakugwa. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, ndipo ogula anadikira kuti amalize.

"Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?"

"Munandiuza. Tsopano ndichite chiyani?"

"Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, aphunzitsi. Ine bambo anu sindiwadziwa."

Tsiku limenelo anandiwonjezera chitumbuwa chimodzi chaulere, chachikulu.

M'malo motsekula chitseko ndinachita zimene amachita munthu wamakani. Ndinasamukiramo ndekha. Ndinauza Bambo kuti nyumbayo ndaikonda kwambiri moti sindingaisiyire anthu achilendo, ndipo iwo anamwetulira njira yonse mpaka pa njinga. Unali Novembala, mvula isanagwe, pamene minda ya fodya imakhala mizere yokhayokha ikudikira ndipo ngakhale agalu sauwa masana. Ndinkanyowetsa chitenje n'kufunda. Makope a ana ndinkachongera panja. Mafuta odzola anasungunuka m'botolo osabwereranso. Patatha sabata aphunzitsi anzanga anayamba kundiyendera mozungulira m'chipinda chathu chopumira, n'kumati ndayamba kuchita chikasu ngati fodya, ndikapita ku okushoni ndikapeza giredi yoyamba. Ndinkawayankha kuti nsanje ndi matenda, koma thukuta linkanditsutsa.

Loweruka lachiwiri ndili m'menemo, Bambo anachedwa. Anafika dzuwa lili paliwombo, akukankha njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Tayala linali litaphulika panjira, ndipo anayenda wapansi mtunda wautali asanapeze womata pa msika. Anamwa makapu awiri a madzi osapumira.

"Ndigoneko pang'ono," anatero.

Masiku onse aja ankalowa m'nyumbamo m'mawa, kuyang'ana denga, n'kutuluka. Ndinathamangira mkeka kuti ndiwayalire pansi pa mtengo wa mango wa aneba.

"Ndigone panja ngati ndilibe mwana wa nyumba?" anatero. Anatenga mkekawo m'manja mwanga, analowa nawo, n'kutseka chitseko chifukwa cha ntchentche.

Kumsewu amayi a chipani anali atayamba kale kuitana za kubwalo, ndipo amenewo sanali mayitanidwe oti munthu n'kuyankha kuti ndikubwera. Ndinamanga nsalu n'kupita. Tsiku limenelo ndinavina moipa. Anzanga akamapita kumanja ine ndinkapita kumanzere, mpaka wotsogolera anandibweza mzere wakumbuyo, kwa agogo.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka. Ndinawapeza Bambo atakhala pa kachitunda kotsala pa chulu chija, malaya atawayanika pa njinga, onyowa ngati achapidwa. Ankayang'ana nyumba. Sanatembenuke.

"Khalani pansi, aphunzitsi."

Ndinakhala pa dothi, chapatali pang'ono, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Anthu aja sanawasamutse."

Sanali kufunsa. Ndinayankhabe. "Iyayi, Bambo."

"Dzina la nyumbayi ndalimva lero pa msika, pomwe ndimamatitsa njinga. Balani ya aphunzitsi." Anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno. "Ndimayesa akundiyamikira. Ndawauza kuti womanga ndine."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinayamba kunena zambirimbiri nthawi imodzi, kuti makoma ndi abwino, kuti mu Juni mudzakoma, kuti anthu a pa Boma ndi a matama. Anakweza dzanja, ndipo ndinasiya.

"Fodya akapsa molakwika, mwini wake amandiuza tsiku lomwelo, ndi mawu oipa. Inu mwakhala mukuwauka m'menemu milungu iwiri osanena kanthu. Chifukwa chichi?"

"Ndimaopa kukukhumudwitsani."

Kenako analankhula ngati akuuza khomalo, osati ine.

"Makoma ndamanga ambiri. Koma m'kati mwake munkalowa fodya, ndipo fodya sadandaula. Ine ndikamaliza ndinkakwera njinga kubwerera kunyumba kwanga kwa udzu. Lero ndi tsiku langa loyamba kugona pansi pa malata. Sindinkadziwa kuti dzuwa likawomba amalira chonchija, ngati munthu akuponyapo timiyala."

Manyazi amene ndinamva pamenepo sanali a nyumba yosekedwa ayi. Nyumba ya ku Lukwa ndinkaidziwa. Ndinabadwiramo. Chaka chilichonse ndinkawaona akukwera padenga kufolera udzu watsopano. Koma miyezi yonseyi ndinawerenga za zipinda za malasha za azungu, ndinakhala pa benchi ya kalaliki, ndinadya zitumbuwa zosawerengeka pofuna kudziwa chimene munthu wachilendo amafuna m'nyumba, osadzifunsa ngakhale kamodzi kuti amene akundimangirayu amagona potani.

"Muli ndi khala?" anafunsa.

Ndinakatenga pa mbaula. Anavala malaya onyowa aja, tinalowa limodzi, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Anakoka mpando wanga umodzi wokhawo n'kundiuza kuti ndikhalepo.

"Inu mwakhala m'nyumba za boma. Mundisonyeze. Munthu akakhala chonchi, amafuna kuona kunja poti pati?"

Ndinaloza. Anandipatsa khala kuti ndilembe ndekha pakhoma. Mzere unapindika. Anauyang'ana, anapukusa mutu, natenga chingwe chawo n'kuuwongola.

"Pa bolodi mumalembanso chonchi?"

Tinaseka tonse awiri, ndipo mtima unatsikako pang'ono.

Ndinkayembekezera kuti amenya khoma ndi nyundo, koma sanatero. Poti njerwazo anamangira dothi, anayamba kukanda m'mizere ndi nsonga ya mpeni wawo, modekha, mpaka njerwa yoyamba inagwedera. Anaikankhira kunja ndi chikhatho. Kuwala kunalowa, ndi kamphepo konunkha fumbi la m'minda, ndipo ndinamva thukuta la pakhosi likuzizira. Analowetsa thabwa lolimba pamwamba kuti ligwire khoma, kenako anayamba kutsika, mzere ndi mzere. Ine ndinaima panja n'kumalandira. Sanaswe ngakhale imodzi. Mazenera enawo anadzawamaliza sabata yotsatira, ndipo namwino amene analowamo mvula ili m'kati anakhalamo zaka zambiri, koma zimenezo zinali zam'tsogolo.

Dzuwa lisanalowe zenera loyamba linali litatseguka lonse, ndipo aneba anali ataima m'mipanda yawo akuonerera. Bambo anatuluka, anasamba m'manja, n'kuima pa mulu wa njerwa zimene ndinaunjika. Anaziyang'ana kanthawi. Kenako anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Kodi izi muli nazo ntchito, aphunzitsi?"

"Bwanji, Bambo?"

"Ngati mulibe nazo ntchito, ndimati ndizitengako zinayi zinayi pa njinga Loweruka lililonse. Ndi za mazenera enawo zichulukako. Mwina nane ndingayambepo kakhoma kwathu. Amayi anu akhala akunena."

Anandipempha mwaulemu, maso ali pansi, mmene munthu amapemphera zotsala kwa mwini esiteti. Ndinati ndikukatunga madzi akumwa. Ndinalowa m'nyumba, ndinaima kuseri kwa chitseko n'kulira, dzanja lili pakamwa kuti asandimve. Panja ndinkawamva akusankha zinayi zoyamba, kugogoda imodzi imodzi kuti amve ngati ili yolimba.